Chivundikiro cha ku Bab Zitun

Bab Zitun, 9 Ogasiti 1987

Okondedwa Amayi,

Mtendere ukhale nanu. Mawondo aja akuti bwanji? Mundiperekere moni kwa mpongozi wanu Rkia, kwa mdzukulu wanu Batul, ndi kwa mng'ono wanga Faraji amene akukuwerengerani kalatayi. Iwe Faraji, uwerenge zonse, usamalumphe mizere ngati mbuzi pa ngalande. Ine kuno ndadzuka, Mulungu atamandike.

Chaka chino sindibwera kudzathyola tende, zipatso za kanjedza wathu. Zaka zonsezi ndakhala ndikubwera kuno nthawi yotentha yokha, kusenza matumba a simenti, n'kubwerera kwathu kusanazizire. Tsopano ndapeza ntchito ya chaka chonse. Ndikusonkha moto m'ng'anjo ya hamamu, nyumba yosambiramo anthu, ya Haji Mfeddal, kuti anthu a m'phiri muno asambe madzi otentha. Munthuyo ndi woumira, akakupatsa moni wa pamanja amawerenganso zala zake, koma mwezi ukatha amalipira.

Tauni yadzaza ndi alendo a m'mizinda ya kugombe, akuti abwera kudzapuma mpweya. Mukanawaona, Amayi! Bambo wamkulu ndi chimimba chake kuima pamwala, kutsinzina, kukoka mphuno ngati galu wamva fungo la nyama. Eni mudzi nawo kudzitama, "mpweya wathu, mpweya wathu," ngati anachita kuuwumba okha. Kanjedza alibe, kuchereza mlendo sadziwa, ndiye angotsala ndi mphepo yoti azinyadira.

Komabe ndisaname, mpweyawo ulipo. Dzuwa likangopendeka, mphepo ya kunyanja imakwera chigwa chonse n'kusesa. Utsi wa chumuni changa sukhalitsa, ukangotuluka wapita kuseri kwa phiri.

Faraji analemba kuti mphumu ya Batul yavutanso ndi fumbi la mphepo ya kuchipululu, mpaka mwana kugona chokhala. Zandiwawa kwambiri. Ndaganiza kuti mukatha kuthyola tende, Rkia ndi mwana abwere kuno. Mpweya umene ukuchiritsa zimimba za anthu olemera ungalephere kachifuwa ka mwana wanga?

Ndatumiza madirihamu mazana atatu kudzera kwa dalaivala wa basi. Mugule shuga ndi tiyi, otsalawo Faraji alipire anthu okonza ngalande. Asagule nazo mabatire a wailesi, ndimudziwa.

Ndine mwana wanu,
Mbarek


Bab Zitun, 27 Seputembala 1987

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ndamva kuti tende wabereka bwino, Mulungu ndi wamkulu. Ine ndili bwino, kungoti nsidze zinawauka.

Chipinda ndapeza. Chili kumunsi kwenikweni, m'mbali mwa mtsinje, pakati pa hamamu ndi mphero zofinyira azitona. Mwezi watha mwini wake amafuna madirihamu zana ndi makumi asanu, pano wandipatsa pa makumi asanu ndi limodzi, n'kundithokozanso. Anthu a kuno malonda sawadziwa.

Pali nkhalamba ina, Lalla Rhimu, wamasiye wogulitsa tchizi cha mbuzi. Amakhala kumtunda kwenikweni, kupitirira manda. Tsiku la msika amatsika n'kusiya mphika wake wa nyemba m'phulusa la ng'anjo yanga kuti upse, monga amachitira amayi ambiri kuno. Pakamwa pake ndi lumo. Lachinayi anandipeza ndikuwaza nkhuni.

"Iwe wa kumchenga, ndamva ukuitana mwana wa mphumu."

"Eya, mayi."

"Udzamugoneka kuti?"

Ndinaloza chipinda chija. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Unakhalapo kuno nthawi yozizira?"

"Kuzizira sikundiopsa, kwathunso madzi amaundana mumtsuko."

"Ndani wanena za kuzizira, mutu ngati dzungu? Ndikunena za chivundikiro. Sunadabwe kuti chipinda chatsika mtengo bwanji?"

"Alendo apita."

"Alendo apita, eni ake akupitanso. Kutsala makoswe ndi iwe. Wakutsina khutu ndi mnansi, ine ndanena."

Ndinaseka mpaka nkhwangwa kugwa. Ndafufuza, Amayi, nkhalambayo ili ndi kachipinda kopanda munthu kumtundako. Chivundikiro chakecho ndi lendi basi. Akaona khungu lathu lakumwerali amayesa tinabadwa dzulo.

Rkia atenge mabulangete onse awiri ndi chovala chaubweya cha malemu Ababa, adulire mwana. Faraji awakweze basi yekha, asawasiye pa siteji. Mwana akhale kutali ndi osuta fodya.

Mwana wanu,
Mbarek


Bab Zitun, 8 Novembala 1987

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli moyo, ndipo nyumba sinakukulireni kwambiri. Rkia ndi Batul afika bwino. Tende ndi hina wokongoletsera zikhatho munawapatsira ndalandira, Mulungu akudalitseni manja.

Amayi, ndinanena ine! Anafika mvula itangogwa masiku awiri, kumwamba kuli mbee. Batul akuthamanga kukwera masitepe a m'misewu, kutsika, kukweranso, osakhosomola n'kamodzi komwe. Dzulo wadya mbale yonse ya nyemba zosinja n'kupempha ina. Ndinatuluka panja kuti asandione m'maso.

Sabata ino ndaona zoseketsa. Tsiku limene mphero yoyamba ya azitona yazungulira, anthu a kumunsi kuno amanyamula nkhalamba zawo, makanda ndi onse a zifuwa, kuwakweza pa nyulu, matiresi pambuyo, ulendo wa kwa achibale kumtunda kwa manda. Amati kukweza. Amakhala komweko mpaka mphepo ya kunyanja itabwerera. Mzere wa nyulu, nkhalamba zikugwedezeka pamwamba ngati matumba a balere! Ndinafunsa wometa tsitsi amene amakoka nyulu ya apongozi ake.

"Achimwene, mwati muwayandikiziretu kumanda kuti tsiku lija musadzatope?"

"Seka, wa kumchenga, mano akadali oyera."

Anthu amantha, oopa ndi mpweya wawo womwe amautamawo. Rkia naye wayamba kumva za amayi a pachitsime. Akuti, "Bambo a Batul, kodi anthu onsewa angakhale opusa?" Ndamuyankha kuti eya, ndakhala nawo nthawi yaitali, akhoza. Ndamuletsa kucheza ndi Lalla Rhimu, amene wayamba kupatsa mwana tchizi chaulere. Nyambo imeneyo.

Haji wasiya kugula nkhuni, akuti zakwera mtengo. Tsopano ndikusonkha masese a azitona ochokera m'mphero, utuchi, ndi matayala otha amene galimoto imabweretsa Lolemba. Zimayaka bwino, kungoti utsi wake ndi wonenepa. Mphepo ya kunyanja ija yasiya kubwera masana, koma palibe kanthu, ndi nyengo.

Ndatumiza mazana awiri. Mbuzi yamawanga musagulitse, ili ndi bere.

Mwana wanu,
Mbarek


Bab Zitun, 20 Disembala 1987

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndamva za chimfine chanu, mumwe tiyi wa chitowe ndipo musamadzuke m'mamawa kukatunga. Faraji ali ndi miyendo. Ife tilipo.

Kuno kwazizira moipa. Dzuwa limafika kumunsi kuno nthawi ya pemphero la masana, n'kubisalanso kuseri kwa phiri tisanamalize tiyi. Mphepo zii, tsamba siligwedezeka. Kuzizira kumatsetsereka m'mapiri n'kudzakhazikika pansi pano ngati madzi m'beseni. Utsi ukatuluka m'chumuni umakwera kufika pa nsanja ya mzikiti, n'kupinda khosi, n'kugona pomwepo. Wa dzulo umapezana ndi wa lero. Ameneyo ndiye amati phiri latseka chivundikiro, ndipo amanena monyadira, ngati ndi mbale wawo wabwera kudzacheza.

Olakwa ndi iwo eni. Nyumba iliyonse ikuwotcha masese, mphero zikufuka usana wonse, ophika buledi nawo. Anthu aulesi, olephera kukwera phiri kukatola nkhuni zouma. Rkia akayanika nsalu yoyera amakaanula yotuwa. Ukalavula, ndisanene, mukudya mwina.

Batul ali ndi kachifuwa pang'ono. Ndi chimfine chabe, ana onse akuchita. Ndatseka zenera ndi nsanza, pansi pa chitseko ndaikapo thumba, mbaula ikuyaka osazima, monga timachitira kwathu mphepo ya mchenga ikabwera. Rkia akuti utsi ukulowabe, akuti umadutsa m'khoma. Akazi akafuna kukangana sasowa poyambira.

Nkhalamba ija inabwera ndi mphika wake, inamva mwana akukhosomola kuseri kwa khoma. Inaima, khutu tcheru.

"Kamwana ka mphaka kakulira m'chifuwamo, ukukamva?"

"Mphika wanu upsa dzuwa likapendeka, mayi."

"Dzuwa lake liti? Unaliona liti iwe?"

Ndinabwerera kung'anjo yanga. Munthu wofuna lendi amamva mphaka paliponse.

Munditumizire masamba aja mumafukiza mwana akabanika, ndi uchi ngati ulipo. Mwezi uno ndatumiza zana limodzi lokha. Musafunse.

Mwana wanu,
Mbarek


Bab Zitun, 11 Januwale 1988

Amayi,

Moni kwa inu. Ndalama mwezi uno palibe.

Lachisanu linali loipa. Tinamunyamula kupita naye kuchipatala, milomo itasintha mtundu. Pano ali kunyumba, musalire. Dokotala wake ndi kamnyamata kopanda ndevu, kolankhula Chifalansa ndi namwino ngati ife ndife mipando. Anamubaya jekeseni, n'kundifunsa kumene tikukhala. Nditanena anaponya cholembera patebulo. Akuti mwana achoke kumunsi. Kaphunzira zaka zonsezo kuti kadzanene zomwe amanena wogulitsa tchizi!

Ndinaganiza zowabweza kwanuko, koma chipale chofewa chatseka msewu wa pamwamba pa mapiri, basi sikudutsa.

Ndinapita kwa Haji, chipewa m'manja.

"Bwana Haji, tigule nkhuni mwezi uno wokha, matayala tisiye."

"Nkhuni ugula ndi iwe?"

"Mwana wanga sakupuma, bwana."

"Mulungu amuchiritse. Ukweze mwanayo monga anthu onse. Ukufuna tauni yonse isambe madzi ozizira chifukwa iwe ndi wamakani?"

Ameneyo ndi munthu woti anafika ku Maka. Anabwerako ndi dzina la Haji lokha.

Masamba aja afika, sakuthandiza. Rkia sakundilankhula. Sindikapempha kwa nkhalamba ija, Amayi, kuti tauni yonse idzandiloze chala. Mvula ikangogwa zonsezi zitha. Mutipempherere mvula.

Mbarek


Bab Zitun, 31 Januwale 1988

Okondedwa Amayi,

Mtendere ukhale nanu. Ndiyambe ndi chimene mukufuna kumva: mdzukulu wanu ali moyo ndipo akudya. Faraji, uwerengenso mzere umenewu kawiri.

Mvula sinagwe. Lachiwiri la sabata yatha ndinabwera masana kudzadya, ndinapeza chitseko chili pululu, mbaula yozima, bulangete limodzi palibe. Mkazi wa wometa tsitsi anangoloza kumtunda ndi chibwano, kumwetulira kuli pakamwa. Mpongozi wanu anabereka mwana wamkulu ngati uja kumsana n'kukwera phiri, osanditsanzika, osandipempha. Ndinamutsatira nditalusa, mwaye uli thupi lonse, ndi mawu amene ndinakonza kukamuuza.

Masitepe a tauni ino anamanga anthu odana ndi mawondo. Ndinakwera mu utsi, m'maso mukuwawa, munthu wa patsogolo osamuona bwino. Nditangodutsa khoma la manda, mwadzidzidzi dzuwa! Lotentha, Amayi, kumwamba kuli kobiriwira, mbuzi zikudya, nkhalamba zija zili ndanda pakhoma kuwothera dzuwa ngati abuluzi. Ndinatembenuka. Tauni kunalibe. Chigwa chonse chinali chodzaza ndi chinthu chotuwa, chosalala pamwamba, nsonga ya nsanja ya mzikiti yokha itatulukira. Pambali pake panali banga lakuda kuposa ponse, likufufuma pang'onopang'ono. Malowo ndinawadziwa. Ndinali nditaponyamo matayala awiri ndisanachoke.

Nkhalamba zinandiona. "Wa kumchenga wakwera! Wabwera kudziyandikiza kumanda!" Zinaseka ndi nkhama zokhazokha. Anthu opanda mano amakumbukira zonse.

Kwa Lalla Rhimu ndinapeza Batul atakhala pachikopa pabwalo, atatsamira khoma, kapu ya mkaka m'manja. Amapuma, Amayi. Mapewa sanali kukwera. Atandiona anati "Ababa!" Ndinathamanga kuti ndimunyamule. Ndisanamukhudze n'komwe anayamba kukhosomola, kukhosomola, mkaka kutayika, maso kutuzuka. Nkhalamba inatuluka m'khola ndi ndodo.

"Bwerera! Bwerera kuseri kwa mpanda, iwe chumuni choyenda!"

"Ndi mwana wanga ameneyu."

"Ndani wakana? Wako, n'chifukwa chake ndikuti bwerera. Ukununkha tayala mpaka m'ndevu."

Ndinayang'ana Rkia kuti anenepo kanthu. Anali atagwada, akusisita mwana pamsana. Anati, osadzutsa mutu, "Bambo a Batul, mverani." Ndinabwerera. Nditafika kuseri kwa mpanda chifuwa chinayamba kuleka.

Ndinatulutsa ndalama zimene ndinali nazo.

"Lendi yanu ndi zingati, mayi? Nenani, mwapambana."

"Bweza m'thumba tinsanza takoto. Kachipinda kaja kanali ka mwana wanga wamkazi. Bambo ake anali ngati iwe, anati kukweza ndi za anthu osaphunzira. Mwanayo ali apo, manda achitatu kuchokera pa mkuyu, unawadutsa pobwera. Mkazi wako azindithandiza kukama mbuzi, basi. Tsika, moto wako uzima, Haji wako akudula malipiro."

Ngakhale pochita chifundo nkhalambayi imatukwana. Anthu a m'phiri sadziwa kupereka kanthu ndi manja awiri.

Ndinatsika. Pa manda paja ndinaima pang'ono, kenako ndinalowanso m'chivundikiro.

Ndatumiza makumi asanu ndi atatu. Zenera lija ndatsegula, palibenso womutsekera.

Mwana wanu,
Mbarek


Bab Zitun, 20 Malichi 1988

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu, kwa Faraji ndi kwa onse ofunsa za ife. Ndakondwa kuti mbuzi yamawanga yaswa awiri. Ine ndilipo, kachifuwa kokha m'mawa, sikanthu.

Mvula inagwa kumapeto kwa Febuluwale, mphero zatseka, ndipo mphepo ya kunyanja yabwerera. Chivundikiro chachoka ngati sichinakhaleko. Nkhalamba azitsitsa pa nyulu zawo, zanenepa. Eni mudzi ayamba kale kupaka laimu m'makoma kukonzekera alendo, ndipo dzulo ndamva wometa tsitsi akuuza munthu wa kugombe kuti, "Mpweya wathu kuno ndi mankhwala." Manyazi alibe anthu awa.

Mwalemba kuti ndiwabweze kwathu. Amayi, mukudziwa nokha kuti mphepo ya mchenga yayamba kwanuko. Kumeneko fumbi, kumunsi kuno utsi. Malo amene mwanayu akupuma ndi amodzi, ndipo ndi pakhomo pa nkhalamba yotukwana ija. Rkia wakana kutsika, akuti ngakhale nthawi yotentha chipinda chathu chagundana ndi ng'anjo. Sindinamutsutse. Ntchito sindingasiye, mankhwala opopera m'kamwa amene dokotala analemba ndi okwera mtengo, ndipo ntchito ya simenti siyamba mpaka Juni.

Ndimakwera Lachisanu tikatuluka mumzikiti. Ndimayamba ndasamba m'hamamu momwemo, ndipo Haji amandilipiritsa ngati mlendo, madzi otenthetsa ine ndemwe. Ndimakhula thupi mpaka kuwawa, n'kuvala mkanjo umene Rkia amausungira kumtunda. Nkhalamba imabwera pa mpanda kudzandinunkhiza ngati ikugula nsomba. Masiku ena imati lowa, ukhale uko, kumene mphepo ikupita. Masiku ena imati lero ayi. Chiyambire Januwale mwana wanga sindinamunyamule.

Watalika, masaya abwerera. Akulankhula modya mawu ngati anthu a kuno, ndipo nkhalambayo akuitcha agogo. Musakwiye, inunso amakutchulani. Akudziwa mayina a mbuzi zonse.

Lachisanu lapitali ndinali kuseri kwa mpanda, iye ali pachikopa chake. Ndinati, "Mwana wanga, wandisowa sabata yonse?"

"Ayi, Ababa, ndimakuonani tsiku lililonse."

"Umandiona kuti?"

Anaimirira n'kuloza kumunsi, pambali pa nsanja ya mzikiti. "Apo. Utsi wakuda kwambiri uja ndinu. Agogo anati ukamatuluka ndiye kuti mwadzuka bwino. M'mawa ndimaupatsa moni. Lachiwiri unachedwa, ndinalira."

Lachiwiri galimoto ya matayala inali isanafike.

Tende wabwino uja munasungira Ramadani, wa mtengo wa pachitsime, mumupatse dalaivala. Pa dengu Faraji alembe dzina la Lalla Rhimu, osati langa. Adzanena kuti ndi wouma, mulekeni anene, adya.

Ndilekeze pano, Amayi. Moto wayamba kuzilala, ndipo mwana akuyang'ana.

Ndine mwana wanu,
Mbarek